Mulu Wachiwiri Pabwalo

Edla ankawaona ngati zitsiru amuna a pa chilumba cha Pitcairn. Kugawa ufa wobwera pa sitima kokhako mpaka dzuwa kulowa. Atadya, anakankha wilibala kukatenga mulu wake pabwalo.

Pogawa, wina amaloza mulu, wina atafulatira amatchula mwiniwake. Wofulatirayo anali akadali chiimire, mphuno kukhoma.

"Lanford, kagone, chidempete iwe. Anzako apita kale."

Sanacheuke. Milu yotsala inali iwiri, osati umodzi. Edla anatsonya, naloza winawo.

"Nanga uwu ngwa ndani?"

"Ngwa Elwyn." Mawuwo sanali a Lanford.

Elwyn, mwamuna wake waulesi uja, nyanja inamumeza zaka khumi zapitazo.

Kunjira yochokera kudoko, wilibala ina inayamba kulira, ikukwera chitunda.