Helikopita ya Israel

"Israel, thamanga ukaitane takisi! Atate ako akubanika!" anakuwa Lenia ali pakhomo la chipinda.

Israel, chimunthu chandevu zake, sanacheuke n'komwe. Maso anali pa kompyuta, akuulutsa helikopita m'gemu yake yankhondo ija.

"Dikirani, amayi, ndanyamula asilikali ovulala. Ndikangosiya pano andiwombera."

Lenia anavula masilipasi n'kuthamanga yekha komboni yonse ya Nabvutika. Pomwe ankabwera ndi takisi, amuna ake, a Edmund, anali atatsirizika kale. Koma Israel anali atatera bwinobwino.

Pamaliro panafika a Mandla, akulu awo a malemu, kuchokera ku Tamanda. Kumudziko a Edmund ankakonda kudzitama kuti mwana wawo amaulutsa ndege zankhondo, za kompyutazo osatchulako, ndipo anthu anakhulupirira.

"Iwe mwana," a Mandla analoza Israel anthu onse akumva, "unalephera bwanji kunyamula atate ako pa helikopita yako ija? Kuchipatala si pompa apa?"

Israel anangowerama. Lenia anapukuta misozi ndi chitenje n'kumuyankhira.

"Musamudzudzule, alamu. Inali yodzaza. Munakwera anthu ofunika."