Voti Imodzi Sisintha Kanthu

"Anthu anga ali kuti?" anafunsa aphunzitsi a zachuma, akusuzumira m'holo momwe munali mipando yokhayokha.

Linali tsiku losankha wapampando wa komiti ya m'dera, ndipo iwo ankapikisana ndi wometa tsitsi. Tsoka lake, chaka chonse aphunzitsiwo ankalalikira ngakhale m'minibasi kuti munthu wanzeru amayamba waona phindu lake. "Voti imodzi sisintha kanthu, n'kungotha nsapato," ankatero.

Anthu anamvadi, onse anakhala kunyumba. Wometayo naye anali kushopu kwake, akumeta makasitomala. Aphunzitsi sakanavotanso okha, anthu akanawaseka.

Kenaka anatulukira akazi awo, atatchena, n'kuponya voti. Mtima wa aphunzitsi unakhala pansi, mpaka anayamba kukonza tayi.

Woyendetsa chisankho anakhuthula bokosi, munagwa kapepala kamodzi. Wometa tsitsi anapambana.

"Mayi, mwandichita chiyani?" anafunsa aphunzitsi.

"Ndaona phindu langa, bambo, monga mumaphunzitsira. Mukanapambana, misonkhano yonse bwenzi ikuchitikira pabalaza panga. Nanga makapu akanamatsuka ndani? Inuyo?"