Woyeza Magazi ndi Fomu ya Abusa

Cholembera chinali chitagona pa fomu kwa mphindi khumi, koma mnyamatayo sanachikhudze.

Abusa anamusuzumira pamwamba pa magalasi awo. Ameneyu ndiye anasankhidwa ndi mwana wawo wamkazi, mwana mmodzi yekhayo, pakati pa amuna onse a pansi pano: woyeza magazi kuchipatala, wa khosi ngati la nthiwatiwa, atamira mu jekete yoonekeratu kuti mwini wake ndi wina. Ukwati unali utatsala milungu isanu. Chotsala chinali kungosaina pansi pa mawu anayi: Ndikhulupirira kuti Mulungu alipo.

“Cholemberacho chatha inki?” anafunsa Abusa.

“Ayi, Abusa. Kungoti sindingasainire chinthu chimene sindikuchidziwa.”

“Ndiye ukuti kulibe Mulungu.”

“Sindinatero, bambo. Amene amati kulibe nawonso sanandionetse umboni. Ine ndangoti sindikudziwa.”

Abusa anatsonya chamumtima. Mleme weniweni uyu, si mbalame, si mbewa.

Pakhonde pankamveka nsapato za mtsikanayo, kupita, kubwera, kupitanso. Anali atawauza bambo ake maso ali gwa kuti sadzakwatiwa kwina koma m’tchalitchi momwemo, womangitsa ukwati ali iwowo. Uko kutsogolo a kwaya anali atayamba kale kukonza mawu, poti mapemphero a Lachitatu masana anali pafupi.

Mnyamata uja anayamba kufotokoza. Anati kuntchito kwake magazi akapanda kuonetsa bwino, salemba kuti munthu ali ndi matenda, salembanso kuti alibe. Amalemba kuti ayezedwenso, ngakhale wodwala alire motani. Nkhani ya Mulungu nayo anaiyeza choncho. Akayang’ana dontho la magazi pa makina, n’kuona mmene tinthu tosaoneka ndi maso timagwirira ntchito mwadongosolo, mtima umati ndithu alipo anakonza zimenezi. Koma akadutsa mu wodi ya ana, amaona opemphereredwa usana ndi usiku akutsamira mkono chimodzimodzi ndi amene alibe owapempherera. Ndiye panalinso zipembedzo mbwee, chilichonse chikulumbira kuti choona ndi chake.

Abusa anayasamula osatseka pakamwa. Zimenezi? Mafunso a mwana wa sukulu amene wangomera ndevu dzulo! Mashelefu a kumbuyo kwawo anali odzaza ndi mabuku ofunsa mafunso omwewo mwaluso kuposa pamenepo, ndipo onsewo anawawerenga mpaka zikuto kuthothoka. Akanafuna akanamamumalizira ziganizo mnyamatayo. Mfundo zolemera zenizeni sanazikhudze n’komwe. Wangoona mafunde a m’beseni, akuyesa wawoloka nyanja.

“Wamaliza ulaliki wako?”

“Pepani ngati ndalakwitsa, Abusa.”

“Tamvera, iwe. Pa fomu imeneyi asainapo anthu mazanamazana. Zidakwa zasainapo, fungo la mowa lili guu muno. Wina anasaina mkazi wachibwenzi akumudikira m’galimoto panjapo. Palibe ndi mmodzi yemwe anandiuzapo za makina. Kodi iweyo ndiwe woyera kuposa onsewo?”

“Ayi, bambo.”

“Ndiye gwira cholembera. Dzina lako lokha basi. Za mumtima mwako palibe adzakung’ambe kuti azione.”

Mnyamatayo anayang’ana kuchitseko, kumene nsapato zija zinali zitasiya kuyenda.

“Mwana wanu ndinamuuza zoona tsiku loyamba lomwe. Kutchalitchi ndizimuperekeza, ana akadzabadwa sindidzawaletsa kupemphera. Mwina tsiku lina ndidzapeza chonditsimikizira, ndipo ndidzabwera ndekha kudzasaina. Koma ndiyambe banja ndi bodza, bodzalo ndikunamiza inuyo apongozi anga?”

“Upongoziwo wayamba liti?” Abusa anakoka fomu ija n’kuiponya mu dirowa. “M’tchalitchi muno simudzakwatirira munthu wa mwina ndi kapena. Mapanga awiri avumbwitsa. Dzuka, mpandowo uli ndi eni ake.”

Anadzuka. Anaweramitsa mutu mwaulemu, ulemu umene unawanyansa Abusa kuposa chipongwe, n’kutseka chitseko pang’onopang’ono ngati muli wodwala. Pakhonde panamveka manong’onong’o, kenako kulira kwa mtsikana kotsekereza ndi dzanja. Nsapato zachimuna zinatsika masitepe zokha.

Belu linalira. Abusa anavala mkanjo, nakonza kolala pa galasi la kuseri kwa chitseko. Kulira kuja kunawalasa, n’zoona, koma mkwiyo unaposa. Chitsiru cha munthu! Mkazi wabwino chotere, banja, ulemu, zonse kuzitaya m’ngalande chifukwa cha mawu anayi. Munthu wotere angasunge mwana wa mwini? Mawa adzataya ntchito, mkuja nyumba, nthawi zonse akudziguguda pachifuwa kuti sanama.

Abusawo nawonso anayeza umboni womwewo zaka makumi awiri ndi ziwiri zapitazo, tsiku limene anaika m’manda mayi ake a mtsikanayo, ndipo yankho limene anapeza silinasinthe mpaka lero: sindikudziwa. Koma munthu wanzeru zake sanena zimenezo mokweza. Anatenga Baibulo n’kukakwera pa guwa.