Bulangete Lopsa Pangodya

"Ignasio, ndine Yeremiya. Tandiyang'ana bwinobwino," anatero Yeremiya kwa sajeni wa pamenepo, apolisi awiri akumukankhira m'chitokosi cha pa boma, manja ali m'unyolo.

Mlandu wake unali woti pamsika anakulunga matimati a wogula m'nyuzipepala yokhala ndi chithunzi cha mtsogoleri wa dziko. Ogwidwa pa milandu yotere sankabwerako msanga, ndipo kwawo ku Kaphuka Yeremiya anali atasiya mkazi woyembekezera.

"Waiwala kusukulu yogonera konko kuja? Juni akafika tinkaphatikiza mabulangete athu n'kugona pabedi limodzi. Tinkawotcha mbatatesi kuseri kwa khitchini mpaka bulangete langa linapsa pangodya. Tsiku lotsazikana ndinakupatsa iweyo, poti lako linali litatheratu. Chonde mnzanga, kandilankhulireko kwa akuluakulu. Mkazi wanga alibe womuyang'anira."

Sajeni Ignasio anayang'ana apolisi anzake awiri aja, kenako anayang'ana kukhoma.

"Bambo, ine sindikukudziwani. Lowani."

Chitseko chinatsekedwa. Yeremiya anakhala pasimenti pozizira, nkhungu ikulowera pakawindo. Anaitana dzina la mnzakeyo mpaka mawu anasasa.

M'mawa mwake, galimoto yomutengera kundende yakutali itafika, wapolisi wina anamuponyera mtolo womanga ndi luzi.

"A Sajeni akuti katundu wanuyu musatisiyire pano."

Galimoto itanyamuka, Yeremiya anamasula mtolowo. Linali bulangete lakale lotuwa, lopsa pangodya. M'kati mwake munali mbatatesi zowotcha, zikadali zotentha.