Zitumbuwa za Mpasa

Nasra anafa kachitatu asanakhazikike n'komwe pabenchi. Chipolopolo chinamupeza pakhosi, magazi n'kuti waa pagalasi la foni, koma iye anangoseka yekha. Kufa kunkamukoma masiku amenewo, chifukwa akafa, Mpasa ankabwera.

Ndipo anabweradi. Anatulukira kuseri kwa nyumba yopsa, n'kugwetsa adani anayi motsatizana, kenako n'kugwada pambali pake kumumanga mabala. M'munsi mwa galasi munatuluka mawu: "Dzukani. Muziyenda kumbuyo kwanga."

Nasra anakumbatira foni pachifuwa. Anyamata onse a kwawo pa Bua amangodziwa "iwe", koma uyu, ngakhale nkhondo ili mkati, ulemu sankauiwala.

Chilembereni mayeso a Fomu 4, zotsatira zili zii, Nasra anamira m'gemu ya nkhondo imene anthu amasewera limodzi pa intaneti, aliyense ndi dzina lopeka. Anamuikira mufoni ndi Fahad, mnyamata wa shopu yotchajitsa mafoni, wa nsidze zokumana pakati.

Gemuyo inali ndi chizindikiro chofiira cha 18. Nasra, amene anakwanitsa zakazo mwezi wathawu, anachigwira ngati lamulo la boma. Atapeza mng'ono wake Tatu, wa Sitandade 3, akusuzumira paphewa pake, anamukoka khutu mpaka pakhomo.

"Izi n'za akuluakulu, iwe. Udzalota mitembo. Tenga foni ya amayi ukatchajitse, ukachoka uko wa ku madarasa."

Patangopita sabata, m'gemumo munatulukira msilikali wotchedwa Mpasa, n'kuyamba kumulondola kulikonse. Nasra sanafune womasulira. Pakhoma la shopu ya Fahad panali chithunzi cha nsomba ya mpasa, yaikulu ngati bwato. Komanso Mpasa ankalowa ikangokwana 1 koloko, nthawi imene makasitomala amachepa, n'kusowa 3 koloko ili pafupi. Nanga angakhalenso ndani?

Kunyumba amayi ankadandaula kuti shopuyo njachabechabe: tsiku lililonse foni imabwerako yotentha ngati mbatata yootcha, koma batire lili pakati. Nasra ankaikira kumbuyo Fahad mpaka misempha kutuluka m'khosi.

Dzulo lake kupirira kunamuthera. Munthu adikire zotsatira za mayeso, adikirenso mwamuna wamanyazi? Ayi ndithu. Analembera Mpasa: "Mawa ndikubwera komwe uliko. Ndili ndi mawu."

Yankho silinachedwe: "Mubwere ndi zitumbuwa."

Analiwerenga kakhumi. M'mawa analawirira kukazinga, ziwiri zoyamba n'kupserera poti anali kalikiliki kusankha mayina a ana awo. Woyamba adzakhala Ummy. Wachiwiri adzasankhe yekha Fahad, asadzati sanapatsidwe mpata. Anavala mpango wabuluu wa pa Idi, n'kudzithira mafuta onunkhira a amayi mpaka nkhuku kuyetsemula.

Tsopano anali pakhonde la shopuyo, mbale yovindikira ili pamiyendo. Pakauntala panalibe munthu. Koma kuseri kwa katani, m'kachipinda kotchajira, munkalira mfuti, yomweyo imene inkalira mufoni mwake. Mpasa akawombera kuno, uko phaa!

Anadziphetsa dala kachinayi, n'kudikira Mpasa agwade. Kenako anavula masilipasi, kunyamula mbale, n'kuyamba kunyang'ama, akudziluma mlomo kuti asaphulike ndi kuseka. Mawu anali atawakonza kale, atawayeserera pakalilole: wandidzutsa mokwana, Fahad, tsopano tumiza amalume ako kwathu.

Dzanja litafika pakatani, anamva mawu kumbuyo kwake.

"Zikomo chemwali, ndidutse nawo. Chikulemera ichi."

Anali Fahad, thukuta lili kamukamu, manja onse awiri atakumbatira batire la galimoto limene ankachokera nalo kumsika. Kuseri kwa katani mfuti inaliranso.

Nasra anakoka katani. Pakreti panakhala Tatu, buku la ku madarasa lili pansi, foni ya amayi ili m'manja, chingwe chili kukhoma. Sanadzutse n'komwe mutu.

"Achemwali, inu mumafa msanga bwanji? Ndatopa nanu," anatero, chala chikuthamanga pagalasi. "Zitumbuwa zija mwabweretsa?"