Gitala pa Ukwati wa Vailet

Onesimo atakhudza nsambo yomaliza, holo ya ku Bangwe inangoti zii. Nyimbo yopanda mawuyi anaiyeserera miyezi isanu ndi itatu, zala mpaka kutuluka matuza, kuti adzaimbe pa ukwati wa mchemwali wake Vailet.

Wina kumbuyo anageya mokweza. Mayi wina kutsogolo ankatokosa m'mano ndi chikhadabo, n'kumapukutira pa nsalu ya patebulo.

Kenako a Simeon, amalume ake a Onesimo amene ankayendetsa mwambowo, anatola maiki akumwetulira monyadira.

"Mphwanga, tamva, gitala ili bwinobwino. Poti wamaliza kuchuna, tiyimbire nyimbo ija tsopano, anthu avine!"

Holo yonse inawomba m'manja.