Nsapato Zosatengedwa

Loweruka pa 14 Juni, bwato limene Thandazani anabwereka kuti akaone mvuu pamtsinje wa Kafue linapezeka lopanda munthu.

Lolemba mwini mabwatowo anafika ku Chelstone kwa Monalisa, mkazi wa Thandazani, atanyamula jumbo.

"Amai, aliyense wokwela bwato amasiya nsapato kuli ise, amatenga akabwela. Izi kulibe anatenga."

Monalisa anatulutsa nsapato za mwamuna wake. Pansi pake panali zina zachikazi, zofiira.

"Nanga izi?"

"Banakwela babili. Banati ni bakazi bao."

Monalisa sanalire. Nsapato zofiirazo anagula yekha ku Kamwala, kugulira mng'ono wake Rachael, amene Lachisanu anatsanzika kuti akupita ku Chipata. Monalisa anazipukuta fumbi n'kuziika pakhomo.

Mpaka lero Rachael sanafikebe ku Chipata.